Kukagulira Mawu Gitala ya a Matewere

Ndayendapo maulendo ambiri kuchoka ku Magaleta kupita ku Blantyre, koma ndi umodzi wokha umene ndinayenda nditapakata batire la galimoto pamiyendo, sipika yovala chitenje ili pambali panga, nditatsagana ndi munthu amene ankalakalaka njira yonse kuti tikapeze masitolo atatseka.

Ine kwathu ndi ku Dowa. Kuno ndinabwera ndi ntchito ya zaumoyo, yokweza ana sikelo ndi kubaya katemera, koma anthu amanditchula kuti adokotala ndipo ndinatopa kalekale kuwakonza. Chifukwa choti ndimadziwa kupukuta sola ya firiji ya katemera ndi kumanga waya ukamasuka, mudzi wonse unagamula kuti ndine katswiri wa zamagetsi. Mbiri yabodza imeneyi ndi imene inandigwetsera m'nkhani ya a Matewere.

A Matewere ndi mlimi wa manachesi, bambo wachikulire wa imvi za apa ndi apo, amene wakhala akuimba gitala m'kwaya ya kutchalitchi kwathu zaka zoposa makumi awiri. Gitala yawo ndi yofiira, yamagetsi, anaigula pamsika ku Mwanza kalekale, koma inali isanalaweko magetsi chiyambire. Gitala yotereyi ilibe mimba ngati ya bokosi ija, ndiye popanda sipika imangolira ngati udzudzu. Lamlungu lililonse iwo ankaima kutsogolo, lamba ali paphewa, phazi likugunda pansi, maso atatsinzina, zala zikuthamanga. Tonse tinkati ndi katswiri. Kunena zoona, panalibe amene anali atawamvapo.

Ndiye kunabwera ukwati wa mwana wawo wamkazi, Esinati. Mchimwene wake, Limbani, amagwira ntchito ku Joni ndipo anamukaniza tchuthi. M'malo mwake anatumiza kabokosi kakuda, kofanana kukula ndi theka la buledi, kokhala ndi kagalasi kowala ndi mabatani oponda ndi phazi. Amakatchula kuti puliampu. Anatumizanso uthenga wa mawu pafoni yanga, umene tinaumvetsera pakhonde banja lonse lilipo.

"Ine ku ukwatiko sindifika," anatero Limbani. "Adokotala adzandiimbira ya vidiyo. Mpunga mudye nokha, ine chimene ndikufuna n'chimodzi basi, ndidzamve gitala ya bambo."

Amake Limbani anapukuta misozi ndi chitenje. A Matewere anangoti, "Hmm."

Tinalumikiza gitala ku kabokosi, kabokosi ku sipika ya tchalitchi. Kabokosi kanayaka mokongola, kofiira ndi kobiriwira, koma sipika inali zii. Nditamufunsa Limbani, anati kabokosiko kamangokonza mawu ndi kuwakometsera, kalibe mphamvu yokankhira sipika. Pakati pake pamafunika ampulifaya, imene onse amangoti ampu. Ya tchalitchi inapsa ndi mphezi ine ndisanabwere kuno. Ukwati unali Loweruka, tsikulo linali Lolemba, ndipo ampu yapafupi inali ku Limbe.

Ndinawerenga pafoni kuti ampu iyenera kugwirizana ndi sipika, ndipo zonse zofunika zimalembedwa pakapepala kumbuyo kwa sipikayo. Nditaitembenuza ndinapeza kuti amene anapenta mabenchi a m'tchalitchi anatsala ndi penti, ndiye anaipentanso sipika yonse ya buluu, kutsogolo ndi kumbuyo komwe. Ndinapala ndi mpeni. Penti inachoka pamodzi ndi kapepalako. Panalibenso kuchitira mwina, sipika inayenera kupita yokha kukayezedwa, ndipo batire nalo linayenera kutsatira poti kwathu kutchalitchi kulibe magetsi ena.

Tinanyamuka Lachitatu m'mawa pa njinga zamoto zitatu: imodzi yanga ndi batire, ina ya a Matewere, yachitatu ya sipika, imene amake Limbani anaifunditsa chitenje kuopa fumbi. Titangodutsa pachigayo ndinacheuka n'kuona kuti a Matewere akhala mwaufulu kwambiri. Kumsana kwawo kunalibe kanthu.

"A Matewere, gitala ili kuti?"

"Aa! Ndaiwala. Ukalambatu uwu. Basi tibwerere, tidzapita mawa kapena mkuja."

Asanamalize n'komwe tinamva kukuwa kumbuyo. Amake Limbani ankabwera chothamanga, gitala atasenza pamutu ngati mtolo wa nkhuni.

"Mwasiya mkazi wanu wachiwiri!" anatero akupuma wefuwefu. "Kodi amagona kuseri kwa nkhokwe masiku ano?"

A Matewere anailandira osayang'ana munthu kumaso. Ine sindinaganizepo kanthu, ndinangoti ndi zochita za ukwati zawasokoneza mutu.

Akabaza anatitsitsa pamsewu waukulu wochokera ku boma, pamene timadikirira matola. Tinakhala pamenepo mpaka mthunzi wa mtengo unatithawa kawiri. Kunadutsa lole ya makala, njinga za makala, ndi munthu wina wosenza makala. Galimoto yonyamula anthu ayi. Apa ndi pamene a Matewere anayamba kundiphunzitsa zachipatala.

"Kodi adokotala, munthu amene wadwala nthawi yaitali osadya, mumayamba n'kumupatsa nyama?"

"Ayi, timayamba ndi phala lamadzimadzi."

"Eya. Gitala iyi yakhala zaka zonsezi osadya magetsi. Mukaipatsa ambiri nthawi imodzi isanza. Tikagule kaampu kakang'ono, kaphala."

Ndinawauza kuti gitala si munthu. Anati ine ndine mwana, zinthu zimenezi sindingazidziwe. Ndinameza mawu, poti kwathu anatiphunzitsa kusayankha akuluakulu.

Cha m'ma teni kunabwera kapikapu koyera, kodzaza ndi matumba a mbatata ya kachewere, anthu atakhala pamwamba pake. Kondakitala anadumpha, anatiwerenga ndi chala, n'kunena kuti tilipo atatu.

"Tilipo awiri, achimwene. Iyi ndi sipika."

"Ili ndi pakamwa?"

"Ili napo, koma..."

"Imalankhula?"

"Ikalumikizidwa."

"Yavalanso chitenje. Ameneyu ndi munthu, adokotala, alipire."

Anthu a pamwamba pa mbatata anagawikana pawiri. Ena ankati ndi katundu, ena ankati katundu savala. A Matewere, m'malo mondithandiza, anati kondakitala akunena zoona ndipo ngati zili choncho ulendo wadula, ndi bwino tingobwerera. Mapeto ake tinagwirizana kuti sipika ilipire theka, ngati mwana wa sukulu. Batire linakwera ulere, bola ndilipakate ndekha.

Msewu wathu aliyense amaudziwa, sindiufotokoza. Ndingonena kuti pamabampu ena ndinkaona thambo, pa ena ndinkaona bondo langa. Nkhani ya ampu inafalikira galimoto yonse, ndipo aliyense anasanduka mlangizi. Mphunzitsi wina wa kupulayimale, wovala tayi pamwamba pa mbatata, ndiye ankatsogolera.

"Musakagule yochepera mawatsi faivi sauzande," anatero. "Ya mlamu wanga ikalira ku Ligowe, ku Mozambique amavina."

Mayi wina wopakata atambala awiri anati chofunika ndi kulemera. "Muziinyamula kaye. Ikapepuka ndi yachinyengo, m'kati mulibe kanthu."

"Nanga yoti azingomva anthu awiri atatu a benchi yakutsogolo, imapezeka?" anafunsa a Matewere.

Galimoto yonse inafa nacho chikhakhali. Mphunzitsi uja anati anthu aluso ndi choncho, amadzichepetsa. A Matewere sanaseke nawo, ankangoyang'ana fumbi lotsalira kumbuyo.

Titayandikira pa tala ndinamva kutentha pantchafu. Ndinati ndi dzuwa. Kenako kunayamba kuyabwa. Titadutsa Chifunga ndinasuntha batire kuti ndione, ndipo ndinaona khungu langa likundiyang'ana. Madzi a batire anali atatayikira ndi mabampu aja n'kudya thalauza langa la ku ofesi, mabowo atatu kutsogolo, ndipo madzi amene anatsikira pathumba la mbatata anadya kumbuyo. Mayi wa atambala uja anandithira madzi a m'chigubu chake ndili chikhalire, anthu akupereka maganizo. Pofika pa Zalewa, pomwe kapikapu kankathera, sindikanatha kuimirira pagulu. Sipika inavula chitenje, ine ndinavala.

Ndinatsika choncho, munthu wa boma, malaya opisira, nsapato zopolisha, chitenje cha maluwa achikasu m'chiuno. Oitanira minibasi anandilandira ndi ulemu wonse. "Bwerani amayi, kwatsala malo amodzi!"

Malo amodzi amenewo tinawadikirira ola lathunthu ndi theka. Minibasi inkaoneka yodzaza, koma munthu weniweni akakwera, mmodzi mwa okhalamo kale ankatsika n'kukaima pamthunzi. Pa Zalewa pamatentha mwakuti ngakhale ntchentche zimauluka mwaulesi. Injini inkalira, dalaivala ankasuntha pang'ono n'kubwereranso pomwepo, ife thukuta lili kamukamu. A Matewere okha ndi amene ankaoneka okondwa. Anaitana wogulitsa timawayilesi ta m'manja pawindo.

"Adokotala, aka sikangakwane? Kali ndi kabowo kolowetsa waya. Tikagula aka tibwerera pompano, chakudya chamasana tikadyera kwathu."

"A Matewere, ako ndi komvera mpira."

"Nanga gitala ndi mpira zimasiyana bwanji? Zonse ndi mawu."

Ndinatseka windo ndekha. Apa ndiye ndinayamba kukwiya zenizeni. Ine ndasiya ntchito, ndapempha tchuthi, thalauza latha, ndavala chitenje, koma mwini wake wa gitala akuchita ngati ndikumutengera kokachotsa dzino.

Tinawoloka Shire, tinaima pa Lirangwe kukweza mbuzi, tinaima pa Lunzu kutsitsa mbuzi yomweyo, ndipo tinasintha minibasi mu Blantyre. Ku Limbe tinafika dzuwa litapendeka, ine batire pamutu, a Matewere gitala kumsana, sipika tagwirizira awiri. Anthu ankatipatukira.

Sitolo yoyamba inali ya maampu onyezimira, a magetsi ovinavina. Wogulitsa anatitsitsira ina yolembedwa manambala akuluakulu pabokosi.

"Iyi ndi eyiti sauzande, madala. Mukayatsa iyi, malata amayenda."

Ndinainyamula ndi dzanja limodzi. Ndinamufunsa ngati ingagwirizane ndi sipika yathu, iye anati imagwirizana ndi chilichonse. Ndinamufunsa ngati ingagwire pa batire, anati imagwira ngakhale pa kandulo. A Matewere anatsamira pakauntala n'kufunsa motsitsa mawu, "Mulibe yofooka?"

Wogulitsa uja anawayang'ana nthawi yaitali. "Yofooka bwanji, madala?"

"Yotopa. Yoti ikalira, munthu azichita kutchera khutu."

"Chiyambire ntchito ino sindinamvepo zimenezo," anatero. Anaitana mnzake wa sitolo yoyandikana kuti adzamve yekha.

Sitolo yachiwiri anafuna kutigulitsa chimphona chachitsulo choti kuchinyamula mpaka amuna awiri. Mwamwayi, mlonda wa pamenepo anatilozera kanjira ka kuseri kwa msika, kwa mayi wina wokonza mawayilesi. Tinamupeza m'kachipinda kodzaza masipika ong'ambika, magalasi ake omanga ndi waya, akuwotcherera kanthu. Anayang'ana chitenje changa, sananene kanthu, ndipo ndinamukonda nthawi yomweyo.

Anamasula sipika yathu, anaigunditsa timawaya tiwiri ta mita yake, n'kunena kuti ndi ya maomu eyiti ndipo ingalandire mawatsi handiredi ndi pang'ono. Za masauzande zija anati ndi zolemba pabokosi chabe. Kenako anatenga kabokosi ka Limbani, kamene ndinali nako m'thumba, anakatembenuza, n'kugwedeza mutu mosilira.

"Aka kaphika kale ndiwo, kathira mchere ndi tomato," anatero. "Ampu imene mukufuna ntchito yake ndi kunyamula mbale basi. Mukagula ya mabatani ambirimbiri ithiranso mchere wina, muwononga. Kwanu magetsi alipo?"

"Sola ndi batire ili."

"Ndiye zolemerazo zisiyeni. Zikudyerani batire mkwati asanalowe n'komwe m'tchalitchi."

Anatulutsa kaampu kopanda chikoka, kotuwa, ka batani limodzi lokha. Analumikiza zonse mwachangu, gitala ku kabokosi, kabokosi ku ampu, ampu ku sipika ndi ku batire. Sipika ya buluu inapuma, "hmmm", koyamba pa zaka zambiri. Mayiyo anapereka gitala kwa mwini wake.

"Tayesani, bambo, timve."

A Matewere anaigwira ngati yotentha. "Chala chikundipweteka."

"Chiti?" ndinafunsa ine.

"Ichi. Ayi, ichi."

Ndinachigwira, ndinachipinda, ndinachiwongola. Chala chinali bwinobwino kuposa changa. Ndiye zonse za tsikulo zinandikwera kumutu nthawi imodzi, ndipo ndinaiwala za ulemu zija. Ndinawauza kuti anabisa gitala kuseri kwa nkhokwe, anagwirizana ndi kondakitala, anafuna kugula kawayilesi ka mpira, ndipo tsopano akunamizira chala pamaso pa munthu wachipatala. Ndinati ngati safuna kuti mwana wawo awamve, anene, ndikwere minibasi ndizipita.

Anaika gitala pansi n'kutuluka. Ndinawapeza atakhala pakhonde, pa chidebe chovundikira, chipewa chili m'manja.

"Adokotala," anatero, "ine gitala sindimaitha."

Ndinaganiza kuti sindinamve bwino.

"Ndimadziwa makiyi awiri. Anandionetsa amene anandigulitsa gitalayo, titaimirira pamsika pomwepo. Zala apa, kenako zala apa. Kiyi yachitatu anati adzandionetsa sabata yotsatira, koma sindinamuonenso."

"Nanga nyimbo zonse zija za m'kwaya?"

"Awiri omwewo."

"Nanga zala zimathamanga zija?"

"Zimangoyenda. Poti sizimveka."

Ndinayesetsa, Mulungu ndi mboni, koma ndinalephera. Ndinaseka mpaka chitenje chinamasuka. Nditawayang'ananso, kuseka kunandithera. Bambo wamkulu, maso ali pansi, akupotokola chipewa.

"Limbani amauza anzake ku Joni kuti bambo ake ndi katswiri," anatero. "Loweruka adzawaitana onse kuti adzamve. Akuchimuna nawonso adzakhalapo. Ine ndidzalowa pati?"

Ndinawamvera chisoni kwambiri, ndipo ndinachita manyazi ndi mmene ndinawakalipira. Amene anayankha ndi mayi wokonza mawayilesi uja, amene anali ataima pakhomo nthawi yonseyi.

"Bambo, za luso lanu ine sizindikhudza. Koma yofooka musagule. Ampu yofooka anthu amaikakamiza, imayamba kukhosomola, mapeto ake imawotcha sipika ya tchalitchi. Tengani yamphamvu yokwanira. Batani lili m'manja mwanu."

A Matewere anadzutsa mutu. "Batani limenelo limatsika mpaka pati?"

"Mpaka zii."

"Tikulungireni," anatero.

Tinagona kwa msuweni wanga ku Ndirande, ndipo m'mawa ndinagula thalauza la pakaunjika, lalifupi pang'ono koma lopanda mawindo. Batire ulendo uno tinalikulunga m'mapepala apulasitiki atatu. A Matewere anali atapeza mtendere. Pulani yawo inali yoti Loweruka adzatsitsa batani mpaka pansi, adzatsinzina monga mwa masiku onse, ndipo Limbani akadandaula tidzanamizira netiweki. Anandilumbiritsa kuti ndisauze munthu. Ndinavomera, ngakhale mumtima sizinkandikhalira bwino.

Pa Zalewa tinapeza kapikapu komwe kaja, kondakitala yemwe uja. Anati sipika yakula, tsopano ilipira yathunthu. Tili mkati mokangana, wina anatiitana pamwamba pa matumba a feteleza. Anali a Nachisale, mtsogoleri wa kwaya yathu, mayi wamfupi wa mawu oti akayankhula m'tchalitchi ana a panja amakhala pansi. Ankachokera kogula nsalu za operekeza mkwati. A Matewere atawaona anabisa kaampu kaja m'jekete.

Tinachoka pa tala masana, ndipo pachitunda chachiwiri galimoto inatsokomola kawiri n'kuzima. Amuna tinatsika kukankha. Inabwerera m'mbuyo. Tinaika miyala kumatayala. Dalaivala analowa pansi, anatuluka ndi kachitsulo kothyoka, anationetsa tonse mmodzimmodzi ngati kuti wina akadziwa, kenako anakwera njinga yamoto yodutsa n'kuti akubwera pompano. Kuno munthu akati pompano, yalani chitenje.

Tinakhala m'mbali mwa msewu anthu khumi ndi angapo. Tinadya nzimbe za mayi wina, tinadya mabanzi amene bambo wina ankapititsa ku golosale yake, tinakambirana za boma mpaka nkhani zinatha. Ola lachiwiri litadutsa, a Nachisale anaomba m'manja.

"Sipika ilipo, batire lilipo, woimba alipo. Tikudikira chiyani? Adokotala, lumikizani."

Ndinayang'ana a Matewere. Iwo anayang'ana kuphiri. Anayamba za chala zija, koma a Nachisale si munthu womunamiza za chala. Anthu nawonso anayamba kuchemerera. Ndinalumikiza. A Matewere anakoleka lamba paphewa, anaima kanthawi, kenako anavulanso.

"A Nachisale, tapatukani kuno pang'ono."

Anapita kuseri kwa galimoto, koma kapikapu sikabisa mawu. Tonse tinamva akuulula za makiyi awiri aja, za munthu wa ku Mwanza, za zala zongoyenda. Kenako a Nachisale anayankha ndi mawu awo onse.

"A Matewere, nkhani yake ndi imeneyi? Ine ndimaima pafupi nanu Lamlungu lililonse, makutu ndili nawo. Mumaganiza kuti ng'oma yaikulu tinaiika kumbuyo kwanu chifukwa chiyani?"

"Mumadziwa?"

"Kwaya yonse imadziwa. Akazi anu ndi amene anabweretsa maganizo a ng'omawo."

A Matewere anatulukira kuseri kuja pakamwa pali yasa. Ine ndinkayembekeza kuti akwiya kapena alira. Anangofunsa kuti, "Zaka zonsezi osandiuza?"

"Tikanakuuzani mukanasiya kubwera. Ndiye kutsogolo kukanaima ndani? Tiyeni, gwirani kiyi yoyambayo, tione nyimbo zimene zingalowemo."

Zimene zinachitika pachitunda chija sindidzaziiwala. A Nachisale anasandutsa apaulendo onse kwaya. Wa mabanzi anamuika besi, kondakitala tena, mayi wa nzimbe ndi anzake kutsogolo. A Matewere anakhudza nsambo, batani lili pansi kwambiri, ndipo gitala yofiira inalankhula. Mawu ake anali oyera, onenepa, ngati a pawayilesi. Mwini wake anadzidzimuka n'kucheuka kuona ngati pali wina akuimba kumbuyo.

Tinayesa nyimbo imodzi ndi imodzi. Yoyamba inayenda bwino mpaka pakati, kenako inakhota, gitala inapitirira molunjika. "Yakana!" anakuwa a Nachisale. Yachiwiri inakana poyambirira pomwe. Ina tinaikakamiza mpaka wa mabanzi anakhala pansi ndi kuseka. Anthu opita kumunda anaima, wa njinga ya makala anatsamiritsa njinga yake n'kuyamba kuweruza nawo. Pamene dalaivala ankabwera ndi kachitsulo kake, dzuwa litafiira, tinali titayesa nyimbo zonse za kwaya ndipo zimene zinalowa m'makiyi awiri aja zinali zitatu.

"Zakwana," anatero a Nachisale. "Tidzazibwereza. Anthu pa ukwati amabwerera mpunga."

Tinafika kwathu bwinobwino. Loweruka, titatuluka m'tchalitchi, kwaya inaima pabwalo pansi pa mitengo ya manachesi, ng'oma yaikulu itasunthidwira kutali koyamba m'mbiri yake. Ine ndinakwera pa benchi pomwe pamagwira netiweki, foni m'mwamba. Limbani anaonekera atavala zovala za kuntchito, anzake anayi atamuunjirira kumbuyo.

Nyimbo inayamba. A Matewere anatsinzina, phazi likugunda, zala zikuyenda. Koma mantha anali atawabwerera, batani anali atalitsitsa mpaka pansi. Sipika ya buluu inkangopuma.

"Adokotala, kodi ndi netiweki?" anafunsa Limbani. "Ndikungoona manja."

Bodza tinagwirizana lija linali pakamwa panga, lokonzeka. Ndinalephera kulitulutsa. Ndinatsika pa benchi, ndinadutsa pakati pa kwaya, n'kuwaika foni pakhutu bambo ake. Mwamwayi sinaduke.

"Bambo," anatero Limbani, "musavutike ndi zapamwamba. Imbani ija munkaimba pakhonde ndili mwana, ija yongopita uku n'kubwerera uku. Ndikamagona kuno imandilira m'mutu. Ine ndikufuna yomweyo."

A Matewere anatsegula maso. Anayang'ana foni, anayang'ana Esinati mu diresi lake loyera, anayang'ana akazi awo. Kenako anawerama pang'onopang'ono, anagwira batani lija n'kulipotoza mpaka kumapeto. Nkhuku zinabalalika, ana anatseka makutu, akuchimuna anaimirira. Pafoni, Limbani anali ataphimba nkhope ndi chipewa chake cha kuntchito, mapewa akugwedezeka, ndipo sindinamufunse ngati ankaseka kapena ankalira. A Matewere anaimba makiyi awo awiri mpaka batire linatha.